Phunziro 7: Magetsi a Kudzaza ndi Kuphwa kwa Nyanja, ndi Zamoyo za M'mbali mwa Nyanja

Mawu oyamba

M'phunziro lapitali tinakambirana za magetsi opukusidwa ndi madzi a m'mitsinje, monga a ku Kariba, Cahora Bassa ndi Nkula. Tinaona kuti magetsi otere amadalira mvula. Anzathu a ku Zambia ndi Zimbabwe sanaiwale chaka cha 2024, pamene madzi a mu Kariba anatsika kwambiri, magetsi n'kumazima maola ambiri pa tsiku. Tsono lero tipita kunyanja yamchere, kumene kuli madzi ena oyenda osayembekeza mvula. Madziwa amakwera ndi kutsika tsiku lililonse, dzinja ndi chilimwe chomwe, ndipo mayiko angapo akuwagwiritsa ntchito popanga magetsi.

Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Malo amene madziwa amayenda mwamphamvu ndi omwewonso amene nsomba zimaswanirana, mbalame zimadyera, ndiponso anthu a m'mbali mwa nyanja amapezera ndiwo. Inu aphunzitsi muyenera kudziwa mbali zonse ziwiri, kuti mwana akakufunsani ngati magetsi amenewa ndi abwino, musangoyankha kuti inde kapena iyayi basi.

Phunziroli likutengerani pafupifupi maola atatu. Khalani ndi kope, pensulo ndi mapu a dziko lonse lapansi.

Zolinga

Pomaliza phunziroli muzitha:
1. kufotokoza chimene chimachititsa nyanja kudzaza ndi kuphwa;
2. kusiyanitsa njira ziwiri zikuluzikulu zopangira magetsi ndi madzi amenewa;
3. kutchula mmene njira iliyonse imakhudzira zamoyo za m'mbali mwa nyanja;
4. kukonza phunziro la mutuwu ngakhale sukulu yanu ili kutali ndi nyanja yamchere.

Kodi nyanja imadzaza ndi kuphwa chifukwa chiyani?

Tiyambe tasiyanitsa zinthu zitatu zimene ophunzira amazisokoneza. Choyamba ndi mafunde. Mafunde amabwera ndi mphepo, monga mwera wa pa nyanja ya Malawi. Chachiwiri ndi kukwera kwa madzi nthawi ya mvula, kumene kumatenga miyezi. Chachitatu, chimene tikukambirana pano, ndi kukwera ndi kutsika kwa nyanja yonse yamchere m'maola ochepa chabe. Pa Chingerezi amati tide, pa Chipwitikizi amati maré. Ife m'buku lino tiziti kudzaza ndi kuphwa.

Mwini nkhaniyi ndi mwezi. Mwezi uli ndi mphamvu yokoka, ndipo umakoka kwambiri chinthu chimene chili pafupi nawo kusiyana ndi chimene chili patali. Madzi a mbali ya dziko imene yayang'anizana ndi mwezi amakokedwa kwambiri kuposa dziko lenilenilo, choncho amatukumuka. Nalonso dziko limakokedwa kwambiri kuposa madzi a kuseri kwake, choncho madzi akuseriwo amakhala ngati atsalira m'mbuyo, nawonso n'kutukumuka. Ndiye kuti pali malo awiri otukumuka, ena kumaso kwa mwezi, ena kuseri. Dziko likamazungulira, gombe lililonse limadutsa m'malo awiri onsewo. N'chifukwa chake m'magombe ambiri, kuphatikizapo a chigawo chathu chino, nyanja imadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku.

Koma si maola 24 ndendende. Pamene dziko likuzungulira, mwezi nawo ukusuntha panjira yake, choncho dziko limafuna mphindi zina pafupifupi 50 kuti liupezenso. Nyanja ikadzaza, imadzadzazanso pakapita maola 12 ndi mphindi 25, ndipo mawa lake zonse zimachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50.

Dzuwa nalo limakoka, koma poti lili kutali kwambiri, mphamvu yake pa madzi siifika ndi theka lomwe la mphamvu ya mwezi. Mwezi ukakhala wamdima kapena wathunthu, dzuwa, mwezi ndi dziko zimakhala pamzere umodzi, n'kumakokera pamodzi. Nthawi imeneyi nyanja imadzaza kwambiri ndi kuphwanso kwambiri. Mwezi ukakhala theka, ziwirizi zimakokera kosiyana, ndipo madzi amangokwera ndi kutsika pang'ono. Kudzaza kwakukulu kumabwera pakapita masabata awiri aliwonse.

Nanga nyanja ya Malawi, Tanganyika kapena Kariba bwanji sizichita zimenezi? Mwezi umakokanso madzi amenewa, koma nyanjazi n'zazing'ono poyerekeza ndi nyanja yamchere, moti kusintha kwake n'kochepa kwambiri, kosaoneka ndi maso.

Si gombe lililonse limene limadzaza mofanana

Kusiyana kwa msinkhu wa madzi, pakati pa podzaza ndi pophwa, kumatengera kapangidwe ka gombe. Pamene nyanja yalowa kumtunda n'kumapanikizika ngati fanulo, madzi amaunjikana ndi kukwera kwambiri. Ku Bay of Fundy, m'dziko la Canada, kusiyanaku kumafika mamita 16, ndipo ndiko kwakukulu padziko lonse. Pamathiriro a mtsinje wa Severn ku Britain kumafika mamita 14. Ku Beira, pa nthawi ya kudzaza kwakukulu, kumapitirira mamita 6, pamene ku Durban ndi ku Cape Town ndi mamita awiri kapena kucheperapo.

Manambalawa ndi ofunika pa chifukwa ichi. Mphamvu imene mungapeze potsekera madzi imakula ndi msinkhu wochulukitsa ndi msinkhu womwewo. Msinkhu ukawirikiza kawiri, madzi otsekeredwa amachuluka kawiri, ndipo pogwera pake pamatalikanso kawiri, ndiye kuti mphamvu yawirikiza kanayi. Mwaonatu chifukwa chake makoma opangira magetsiwa samangidwa paliponse.

Ntchito 1
(a) Nyanja yadzaza 6 koloko m'mawa Lolemba. Idzazanso nthawi yanji madzulo a tsiku lomwelo? Nanga Lachiwiri m'mawa?
(b) Malo awiri ndi ofanana kukula, koma kwina madzi amasiyana ndi mamita 2, kwina ndi mamita 6. Kwachiwiriko kungapereke mphamvu yochuluka kangati?
Mayankho ali kumapeto kwa phunziroli. Yambani mwawerengera nokha musanasuzumire.

Njira yoyamba: khoma lotseka mathiriro a mtsinje

Nzeru imeneyi si yalero. Ku Nendrum, pa Strangford Lough ku Northern Ireland, akatswiri ofukula zakale anapeza zotsalira za chigayo chimene amonke anamanga cha m'ma 619. Nyanja ikadzaza, madzi ankalowa m'dziwe, iwo n'kutseka. Nyanja ikaphwa, ankawatulutsa kudzera pa gudumu limene linkatembenuza mphero.

Siteshoni yamakono imachita chimodzimodzi, kungoti gudumulo limatembenuza jenereta. Amamanga khoma lodula mathiriro a mtsinje, lokhala ndi zitseko ndi makina a mapiko. Nyanja ikamadzaza, zitseko zimatsegulidwa, madzi n'kulowa. Akakwanira amatseka ndi kudikira kuti kunja kuphwe. Madzi a mkati akakhala pamwamba kuposa a kunja, amawadutsitsa m'makina aja, magetsi n'kupangika.

Siteshoni yoyamba yaikulu yotere ndi ya La Rance, pafupi ndi Saint-Malo ku France, imene inatsegulidwa mu 1966, chaka chomwecho chimene Nkula inayamba kupukusa magetsi pa mtsinje wa Shire. Khoma lake ndi lotalika mamita 750, pamwamba pake pamadutsa msewu, ndipo kumbuyo kwake kuli dziwe la masikweya kilomita 22. Ili ndi makina 24, alionse a mamegawati 10, onse pamodzi mamegawati 240. Makinawa anapangidwa kuti azitha kupukusa magetsi madzi akamatuluka ngakhalenso akamalowa. Patha zaka zoposa 50 ndipo siteshoniyi ikugwirabe ntchito.

Njira yachiwiri: makina oimika pansi pa nyanja

Njirayi ilibe khoma. Pamene madzi odzaza ndi kuphwa akudutsa pampata wopapatiza, monga pakati pa chilumba ndi mtunda, amathamanga ngati mtsinje, maola 6 kupita uku, maola 6 kubwerera. Pamalo otere amaimika makina a mapiko pansi pa madzi, ofanana ndi aja opukusa magetsi ndi mphepo. Madzi a m'nyanja ndi olemera kuwirikiza pafupifupi ka 800 poyerekeza ndi mpweya, choncho mapiko aafupi, oyenda pang'onopang'ono, amapereka mphamvu yambiri ndithu. Apa chofunika ndi liwiro la madzi. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza ka 8.

Makina otchedwa SeaGen, a mamegawati 1.2, anaimikidwa mu 2008 pampata wolowera mu Strangford Lough, nyanja yomwe ija ya chigayo cha amonke, ndipo anamaliza kuwachotsa mu 2019. Kumpoto kwa Scotland, pakati pa mtunda ndi chilumba cha Stroma, kuli ntchito yotchedwa MeyGen, imene inayamba kupereka magetsi mu 2016. Gawo lake loyamba linali la makina anayi a mamegawati 1.5 alionse.

Ubwino wake ndi zovuta zake

Ubwino woyamba ndi wakuti gwero lake silitha. Malasha ndi dizilo zikapsa zapsa, koma mwezi udzakokabe madzi mawa ndi mkuja. Wachiwiri ndi wakuti popukusa magetsi sipatuluka utsi umene ukutenthetsa dziko. Wachitatu, umene umasiyanitsa njirayi ndi dzuwa, mphepo ndi mitsinje, ndi wakuti nthawi yake imadziwikiratu. Akatswiri amatha kulemba ndandanda ya kudzaza ndi kuphwa ya zaka zambiri zam'tsogolo. Chilala sichiikhudza, mitambo siikhudza.

Zovuta zilipo zitatunso. Choyamba, magetsiwa amabwera modukizadukiza, motsata mwezi osati motsata nthawi imene mayi akufuna kuphika. Taonani La Rance: ikanamapukusa ndi mphamvu yake yonse usana ndi usiku chaka chathunthu, ikanapanga magigawati-awa oposa 2,000, koma imapanga pafupifupi 500, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi. Chachiwiri ndi mtengo. Kumanga m'madzi amchere n'kodula, mchere umadya chitsulo, ndipo kukonza makina pansi pa madzi othamanga kumafuna zombo zapadera. Mu 2018 boma la Britain linakana kuthandiza ntchito yomanga dziwe la magetsi otere ku Swansea Bay, imene inkafuna mapaundi 1.3 biliyoni, ponena kuti magetsi ake akhala odula kwambiri. Chovuta chachitatu ndi chimene tikuloweramo tsopano.

Dziko la pakati pa madzi odzaza ndi ophwa

Pagombe pali chigawo chimene chimakhala nyanja kwa maola angapo, kenaka n'kukhala mtunda kwa maola angapo. Mlendo akachiona madzi ataphwa amangoti ndi matope achabechabe. Komatu matope amenewa ndi nkhokwe. Mtsinje umabweretsa chonde kuchokera kumtunda, nyanja imabweretsa madzi atsopano kawiri pa tsiku, ndipo m'matopemo mumakhala nyongolotsi, nkhono, nkhanu ndi tizamoyo tina tosawerengeka. Madzi akadzaza, nsomba zimabwera kudzadya. Madzi akaphwa, mbalame zimatera n'kumadya. Zina mwa mbalamezi zimachokera kutali kwambiri, kumpoto kwa Europe ndi Asia, ndipo zikapeza matope atamira kapena atauma zilibe kwina kopezera mphamvu ya ulendo.

M'mayiko otentha ngati athu ano, m'chigawo chimenechi mumamera mitengo ya mangrove, yokhala ndi mizu yotulukira kunja kuti izipuma madzi akaphwa. Ikamizidwa nthawi yaitali imafa, ikasowa madzi amchere nthawi yaitali imalowedwa m'malo ndi zomera zina. Pakati pa mizu yake ndi pobisalira tiana ta nsomba ndi ta ma prawn, amene ku Mozambique amati camarão. Mitengoyi imatchinjirizanso midzi ku mafunde a namondwe.

Palinso nsomba zapaulendo, zimene zimachoka m'nyanja kukaswana mumtsinje, kapena kuchoka mumtsinje kukaswana m'nyanja. Amene mumadziwa mpasa, imene imachoka m'nyanja ya Malawi kukwera mtsinje wa Bua kukaikira mazira, mwamvetsa kale. Nsomba yotere ilibe njira ina koma pamathiriro pomwepo. Mukaikapo khoma, mwaika pakhomo pake.

Ntchito 2
Musanapitirire, lembani m'kope lanu zinthu zitatu zimene mukuganiza kuti zingachitikire matope, nsomba ndi mbalame ngati khoma litatseka mathiriro a mtsinje. Kenaka yerekezani ndi zitsanzo zotsatirazi.

Zimene zinachitika ku La Rance

Kuti amange pouma, amisiri anatsekeratu mtsinje wa Rance kwa zaka pafupifupi zitatu, kuyambira 1963 mpaka 1966. Madzi a mkati analeka kukwera ndi kutsika, mchere unachepa, ndipo zamoyo zambiri za m'nyanja zinafa. Atatsegula, zamoyo zinayamba kubwerera, koma panapita zaka pafupifupi 10 kuti zinthu zikhazikike, ndiponso sizinabwerere mmene zinalili. Mitundu ina ya nsomba, monga plaice ndi sand eel, inasowa, pamene ina, monga sea bass, inabwereranso. Lero m'dziwemo muli zamoyo zambiri ndithu, koma madzi amakwera ndi kutsika motsata zofuna za siteshoni, ndipo anthu okhala m'mbali mwake akhala akudandaula za matope amene akuunjikana chaka ndi chaka. Phunziro lake n'lakuti kamangidwe kamene kangawononge kwambiri kuposa makina enieniwo.

Zimene zinachitika ku Annapolis Royal

Ku Nova Scotia, m'mbali mwa Bay of Fundy, anatsegula siteshoni ya mamegawati 20 mu 1984, ya makina amodzi aakulu. Mtsinje wa Annapolis ndi njira ya nsomba zapaulendo monga shad, striped bass ndi sturgeon. Akatswiri anapeza kuti zambiri zikadutsa m'makinawo zinkatemedwa ndi mapiko kapena kuvulala mkati chifukwa cha kusintha kwadzidzidzi kwa kupanikizika kwa madzi, ndipo nsomba zikuluzikulu ndizo zinali pangozi kwambiri. Mu 2004 namgumi wina analowa pachitseko cha khomalo n'kukhala masiku angapo mumtsinje asanapeze njira yotulukira. Siteshoniyi inaleka kugwira ntchito mu 2019, chida china chitawonongeka, ndipo chaka chomwecho nthambi ya boma yoona za nsomba inanena kuti makinawo ankapha nsomba kwambiri. Sanaikonzenso.

Zimene zinachitika ku Sihwa

Chitsanzo ichi chikutembenuza nkhani. Ku South Korea, kummwera chakumadzulo kwa Seoul, boma linamaliza khoma la makilomita 12.7 mu 1994. Cholinga sichinali magetsi ayi, koma kupeza malo atsopano ndi kupanga nyanja ya madzi opanda mchere. Posakhalitsa madzi oipa ochokera m'mafakitale ndi m'matauni anadzaza m'menemo, nyanjayo n'kuyamba kununkha, nsomba n'kumafa. Boma linasiya maganizo a madzi opanda mchere n'kuyamba kulowetsanso madzi a m'nyanja. Mu 2011 anatsegula siteshoni ya mamegawati 254 pakhoma lomwelo, imene inaposa La Rance n'kukhala yaikulu padziko lonse. Imapukusa magetsi madzi akamalowa, kenaka amawatulutsa pazitseko. Kulowa ndi kutuluka kumeneku kwatsuka nyanjayo, ndipo nsomba ndi mbalame zabwerera. Koma chenjerani pofotokozera ophunzira. Siteshoni ya Sihwa inachepetsa vuto limene khoma linayambitsa. Zimenezi sizitanthauza kuti kutseka gombe labwinobwino n'kopanda vuto.

Nanga makina opanda khoma aja?

Poti satseka njira, sasintha kwambiri msinkhu wa madzi, ndipo matope ndi mangrove zimapitiriza kumira ndi kuuma monga kale. Nkhawa zake ndi zina: kuti nyama zingagundidwe ndi mapiko, kuti phokoso lingasokoneze anamgumi ndi ma dolphin amene amadalira kumva posaka chakudya, ndiponso kuti asodzi angaletsedwe kuponya maukonde pamalopo.

Ku Strangford Lough kumakhala nyama zotchedwa seal, zoyamwitsa, zodya nsomba. SeaGen itangoyamba, lamulo linali lakuti makina aziimitsidwa nyamayi ikayandikira, ndipo zina anazimata tizipangizo tosonyeza kumene zikuyenda. Patapita zaka zingapo akuyang'anira, sanapeze umboni wakuti makinawo akupha nyamazi. Zinkadutsabe pampatapo, koma motalikirako makina akamazungulira. Ku MeyGen, akatswiri a pa yunivesite ya St Andrews anaika zida zomvetsera pansi pa madzi, ndipo anapeza kuti ma porpoise, abale ake a dolphin, amalambalala mapiko.

Nkhani yabwino ndithu, koma kumbukirani kuti awa ndi makina amodzi kapena anayi. Nyama ingalambalale makina anayi mosavuta. Makina 100 pampata umodzi angaithamangitse pamalo ake odyera, angachepetse liwiro la madzi ndi kusintha kumene mchenga umakhazikika. N'chifukwa chake ku Scotland chilolezo cha MeyGen chinaperekedwa m'magawo: ayambe ndi ochepa, ayang'anire, ndipo akaona zotsatira ndi pamene aonjezere.

Nkhaniyi ikutikhudza bwanji kuno?

M'chigawo chathu mulibe siteshoni yaikulu ya magetsi otere. Magombe a South Africa ndi Namibia ali ndi kusiyana kochepa kwa madzi, kosakwanira khoma. Malo a kusiyana kwakukulu ndi pakati pa Mozambique, ku Beira ndi madera oyandikana nako, kumene mitsinje ya Pungwe ndi Buzi imathira m'nyanja. Ngakhale inu a kumtunda kudzaza kumeneku kumakukhudzani: zombo zikuluzikulu zobweretsa mafuta ndi feteleza wopita ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe zimadalira madzi odzaza polowa padoko la Beira.

Tsono taonani zimene zili m'dera lomwelo. Kuyambira ku Beira mpaka kumathiriro a Zambezi kuli nkhalango zikuluzikulu za mangrove, ndipo kunyanja kwake ndi Sofala Bank, kumene Mozambique imapha ma prawn ambiri ogulitsa kunja. Chakummwera, ku zilumba za Bazaruto, kuli nyama zotchedwa dugong, zodya udzu wa pansi pa nyanja, zimene zatsala mazana ochepa chabe. Ku Inhaca ndi m'magombe ena ambiri, madzi akaphwa amayi ndi ana amatsikira kumatope ndi madengu kukatola nkhono ndi nkhanu. Imeneyo ndiyo ndiwo ya tsikulo, ndipo yotsala ndiyo ndalama ya sopo ndi makope.

Chigawo chathu chinaphunzirapo kale kuti kusintha kayendedwe ka madzi kumamveka kutali. Madamu a Kariba ndi Cahora Bassa atachepetsa kusefukira kwa Zambezi kwa chaka ndi chaka, madambo a kumathiriro anayamba kuuma, ndipo akatswiri anaona kuti ma prawn a ku Sofala Bank amachepa madzi a mtsinjewu akamafika mosatsata nyengo. Komanso namondwe Idai atagunda Beira mu March 2019, aliyense anaona kufunika kwa chilichonse chotchinga pakati pa nyanja ndi nyumba za anthu. Choncho tsiku lina wina akadzabwera ndi pulani ya magetsi a m'nyanja, mafunso oyenera kufunsa ndi awa. Ndi khoma kapena makina oimika pansi? Malowo ndi abwinobwino kapena anawonongeka kale? Ndi nsomba ziti zimadutsapo? Ndani amadya za pamenepo, ndipo afunsidwa? Ndani aziyang'anira, ndipo zikavuta makina angaimitsidwe? Ana amene muli nawo m'kalasi lero ndi amene adzafunse mafunsowa, kapena kulephera kuwafunsa.

Kaphunzitsidwe kake m'kalasi

Ambiri mwa ophunzira anu sanaionepo nyanja yamchere. Musadandaule, yambani ndi zimene akudziwa: mwezi wamdima ndi wathunthu, dambo limene limamira dzinja n'kuuma chilimwe, nsomba zokwera mtsinje.

Pofotokoza za mwezi, tulukani panja. Mwana mmodzi aime pakati, akhale dziko. Ana 8 agwirane manja momuzungulira, akhale nyanja. Wina aime patali, akhale mwezi. Bwalo la ana aja litalike kuloza kwa mwezi ndi kuseri kwake. Wapakatiyo azizungulira pang'onopang'ono atatambasula dzanja, n'kumanena kuti “kwadzaza” kapena “kwaphwa” malinga ndi kutalika kwa anzake amene wawaloza. Anzake awerenge kuti wanena kangati pozungulira kamodzi.

Pofotokoza za gombe, tengani beseni lalikulu, muunjike mchenga ndi dothi mbali imodzi motsetsereka, muthire madzi. Bayani timitengo kukhala mangrove, ikani timiyala kukhala nkhono. Pendeketsani beseni pang'onopang'ono uku ndi uku, ana aone chigawo chimene chikumira ndi kuuma. Kenaka umbani khoma ladongo lokhala ndi kabowo, mubwereze. Afunseni chimene chasintha kumbuyo kwa khoma. Auzeni momveka kuti dzanja lanu likungoimira mwezi, nyanja yeniyeni siipendekeka.

Kwa a Sitandade kapena Giredi 7 ndi 8, konzani bwalo la mfumu. Gulu lina likhale la amisiri a magetsi, lina la asodzi, lina la amayi otola nkhono, lina la achipatala chimene chikusowa magetsi, lina loyankhulira nsomba ndi mbalame. Gulu lililonse lipereke mfundo ziwiri ndi umboni wochokera ku zitsanzo zija. Atsikana apatsidwenso mpando wa mfumu ndi wa amisiri. Inu musagamule msanga. Aloleni aone okha kuti wachipatala akunena zoona, msodzi nayenso akunena zoona.

Kuomba mkota

Taona kuti nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa chifukwa cha kukoka kwa mwezi ndi dzuwa, kawiri pa maola 24 ndi mphindi 50. Magetsi ake satha, satulutsa utsi ndipo nthawi yake imadziwikiratu, koma ndi odula, odukizadukiza, ndiponso otheka m'malo owerengeka. Khoma limapereka magetsi ambiri kwa zaka zambiri, koma limasintha matope, mchere ndi njira za nsomba, monga taonera ku La Rance ndi Annapolis Royal, ngakhale kuti ku Sihwa siteshoni inathandiza malo amene khoma linali litawononga kale. Makina oimika pansi pa nyanja aonetsa vuto lochepa pamene ali ochepa, ndipo kuwachulukitsa kuyenera kuyendera limodzi ndi kuyang'anira. M'phunziro lotsatira tikambirana za mphamvu ya mphepo.

Mafunso odziyesa

1. Fotokozani kusiyana kwa mafunde ndi kudzaza kwa nyanja.
2. N'chifukwa chiyani kudzaza kwakukulu kumachitika mwezi ukakhala wamdima kapena wathunthu?
3. Madzi a pampata wina amathamanga mita imodzi pa sekondi, a pampata wina mamita 3 pa sekondi. Makina ofanana angapeze mphamvu yochuluka kangati pampata wachiwiriwo?
4. N'chifukwa chiyani zotsatira za ku Sihwa zikusiyana ndi za ku Annapolis Royal?

Mayankho

Ntchito 1: (a) 6:25 madzulo, ndipo Lachiwiri 6:50 m'mawa. (b) Msinkhu wawirikiza katatu, choncho 3 × 3 = ka 9.
Ntchito 2: Mwa zina, matope ena amamira kosatha ndipo ena amauma, mbalame zimasowa podyera, nsomba zapaulendo zimatsekeredwa kapena kuvulazidwa, mchere umasintha, matope amaunjikana kumbuyo kwa khoma.
Funso 1: Mafunde amabwera ndi mphepo ndipo alibe nthawi yokhazikika. Kudzaza kumabwera ndi mwezi ndi dzuwa pa nthawi yodziwika.
Funso 2: Dzuwa, mwezi ndi dziko zimakhala pamzere umodzi, choncho mphamvu ziwirizo zimaphatikizana.
Funso 3: 3 × 3 × 3 = ka 27.
Funso 4: Ku Sihwa khoma linali litawononga kale malowo, ndipo siteshoni inabwezeretsa kuyenda kwa madzi. Ku Annapolis Royal makina anaikidwa panjira ya nsomba zapaulendo.

Ntchito yotumiza kwa mlangizi wanu

Konzani phunziro la mphindi 35 la kalasi yanu pa mutu uwu, pogwiritsa ntchito zipangizo zopezeka kwanuko. Liphunzitseni, kenaka lembani tsamba limodzi lofotokoza mafunso amene ana anakufunsani ndi mmene munawayankhira. Tumizani zonse ziwiri pamodzi ndi ntchito za mwezi uno.